Usiku umene mvula inagwa m'nyumba mwathu ku Mufakose

Ana a kuno madzi akabwera m'mipopi amathamanga mumsewu akukuwa m'Chishona kuti "Mvura yadzoka!" Bambo anga akhala mumzinda uno wa Harare kuyambira ukutchedwa Salisbury, koma mpaka lero akamva mfuu imeneyo amayamba ayang'ana kumwamba. Kwa Ashona mvura ndi madzi alionse, a mumpopi ndi a m'mitambo omwe, pamene kwa ife a ku Dedza mvula ndi ya kumwamba basi. Timawaseka nazo. Koma usiku wina mu Okutobala chaka chatha mvula inagwadi m'nyumba mwathu, kunja kuli nyenyezi zokhazokha, ndipo palibe amene anaseka.

Tinali titatha masiku 9 mpopi uli wouma. Amene mumakhala ku Harare moyo wake mukuudziwa: zigubu pawilibala, mzere wa pamjigo kuyambira tambala woyamba, madzi ochapira zovala omwewo nkukathiranso kuchimbudzi. Ndiye tinali ndi chizolowezi chimene mabanja ambiri ali nacho. Pogona tinkasiya mpopi wa kukhitchini wotsekula, ndowa ili pansi pake, kuti madzi akabwera phokoso litidzutse. Madzi a kuno amakonda kufika anthu ali m'tulo.

Cha m'ma 2 koloko ndinamva mpopi ukutsokomola. Umayamba ndi kupuma mpweya ngati munthu wa chifuwa, kenako nkulavula madzi ofiira, nkusiya, nkulavulanso. Ndinadzuka mtima uli m'malo, ndinamanga chitenje, nkupita kukatchera. Ndowa yoyamba inadzaza msanga kuposa masiku onse, madzi akutuluka mwaukali mpaka kuthovoka. Ndinatseka mpopi mothamanga kuti ndisinthe ndowa. Pomwepo khoma linangoti gu! ngati wina walimenya ndi hamala kuseri. Panapita kamphindi kachete. Kenako ndinamva phokoso la madzi kudenga, mbali ya chipinda chimene ndimasokeramo.

Ine ndine telala. M'chipinda chimenecho munali nsalu za mayunifolomu a ana a sukulu zimene makolo anali atalipira kale theka, makina anga, ndi matumba awiri a chimanga cha kumunda. Nditatsekula chitseko ndinapeza siling'i ikudontha malo asanu ndi limodzi, pakati itatupa ngati mimba ya mbuzi.

Ndinadzutsa mnyamata wanga wachisamba, tinathamangira ku mita. Apa mpamene manyazi anga akuyambira. Zaka zingapo zapitazo, akuba atayamba kuzula mamita a madzi m'dera lathu chifukwa cha chitsulo chake, ife tinaphimba yathu ndi chidutswa cha konkire, pamwamba nkuikapo zitini za maluwa. Dothi linalowa, udzu unamera. Usiku umenewo tinafukula ndi manja, tochi ya foni ili kukamwa. Valavu yotsekera madzi tinaipeza, ija ya kagudumu kozungulira. Ndinapotoza, osasuntha. Mnyamata anapotoza ndi manja awiri, osasuntha. Anakatenga pulayala, anakakamiza, kagudumu kaja kanangoti phwa, nkutsala m'manja mwake. Valavu ili yotsekula, chogwirira palibe.

Ndinakuwa. Sindikumbuka kuti ndinakuwa m'chinenero chiti.

Amene anatulukira ndi agogo aamuna a khomo loyandikana nalo, munthu wa ku Ntcheu amene anapuma ntchito ya njanji kalekale. Anabwera atavala jasi pamwamba pa zogonera, bobojani ili m'manja. Sanayang'ane nkomwe valavu.

"Mwana wanga, magetsi mwazimitsa?"

"Ayi agogo, madzi ndi amene..."

"Siyani madziwo. Madzi saluma. Pitani mukazimitse magetsi a nyumba yonse. Muvale nsapato zamphira, ndipo musagwire bokosilo ndi manja onyowa."

Ndinali ndisanaganizeko. Kuno magetsi nawonso amakonda kubwera usiku, ndiye anali akuyaka, madzi akutsika motsata waya wa babu, ine ndi ana tikupondaponda m'madzimo opanda nsapato. Ndinagwetsa switchi yaikulu ndi mpini wa tsache wouma. Ndikakumbukira zimenezi thupi limachita tsembwe kuposa ndikakumbukira nsalu zimene zinaonongeka.

Chachiwiri anatiuza kuti titsekule mipopi yonse, makamaka wa panja umene uli m'munsi kuposa ina. Ine ndinkaona ngati misala, nyumba ikusefukira inu nkumati tsekulaninso. Koma madzi akapeza njira zambiri zotulukira, mphamvu yake pamalo pophulikapo imachepa. Kudenga kunayambadi kudontha mofatsa. Anauzanso mnyamata kuti aboole siling'i pamene yatupa ndi msomali waukulu, beseni lili pansi, madzi atsike pamalo amodzi m'malo moti bolodi yonse itigwere pamutu. Inagwabe mbali ina, koma titachotsa kale makina.

Kenako agogo aja anapempha khasu. Anagulula mpini, anausongola ndi chikwanje, anaukulunga ndi legeni, anamasula cholumikizira paipi kutsogolo kwa mita ndi bobojani yawo, madzi akuwamenya kumaso, nkukhomera mpini uja m'kamwa mwa paipi. Anaumanga ndi waya kuti usafwamphuke. Munthu wa zaka zoposa 70, ali chinyowere pakati pa usiku. Madzi anaima. Kuchokera pamene khoma linalira kufika apa panali patapita pafupifupi ola lathunthu, pa ntchito imene ikanatha m'masekondi asanu valavu ikanakhala yamoyo.

Bambo anga nthawi yonseyi anali atakhala pabedi, miyendo atakweza, sutikesi yawo yakale ili pamiyendo. Sutikesi imeneyi inkakhala pamwamba pa wadiropu ya m'chipinda chosokera. Muli chitupa chawo cha nthawi ya atsamunda, makalata a alongo awo a ku Dedza amene anamwalira osaonananso, ndi chithunzi chimodzi chokha cha amayi awo. Inki ya makalata atatu inasungunuka moti sawerengekanso. Anangoti, "Walira mvula walira matope." Patapita nthawi anawonjezera kuti, "Valavu ija amayi ako ali moyo ndinkaithira mafuta Khirisimasi iliyonse." Sindinayankhe. Anali atandiuzapo kangapo, ine nkumati ndi nkhani za okalamba. Mawu a akulu akoma akagonera.

Chopweteka china nchakuti madzi amene tinawadikira masiku 9 aja sitinatunge. Kunja kukucha anthu onse mumsewu wathu migolo inali yodzaza, zovala zili pachingwe, ife tili ndi ndowa imodzi ndi matope.

M'mawa ndinaitana pulambala, mnyamata wobadwira ku Dzivarasekwa amene amayi ake timapemphera nawo ku CCAP. Chichewa chake nchosakaniza ndi Chishona, koma ntchito amaidziwa. Iyeyu ndi amene anandimasulira zimene zinachitika, ndipo ndaona kuti anthu ambiri kuno mapaipi amatiphulikira osadziwa chifukwa chake. Timangoti tsoka, ena mpaka kuloza anansi chala.

Madzi athu amachokera ku Lake Chivero, damu lomangidwa mu 1952 pamtsinje wa Manyame, ndi ku Lake Manyame kumunsi kwake. Amayeretsedwa ku Morton Jaffray, kumadzulo kwa mzinda, nkupopedwa kukwera mtunda, pakuti Harare ali kumtunda kwa nyanja zakezo. Ife a ku Mufakose, Kambuzuma ndi Kuwadzana tili mbali imene madziwo amalowera, ndiye akabwera amabwera ndi mphamvu. Abale athu a ku Mabvuku ndi Tafara ali kum'mawa, kumathero kwa ulendo wa madzi, ndipo lawo ndi dandaulo lina, loti madziwo safika nkomwe. Usiku mphamvu imakhala yaikulu kwambiri chifukwa otunga ndi ochepa.

Tsono paipi ikakhala masiku yopanda madzi imadzaza mpweya. Madzi akabwera amakankha mpweya uja, nkumathamanga kumbuyo kwake modukizaduka, nchifukwa chake mpopi umatsokomola. Ukatseka mpopi mwadzidzidzi pa nthawi imeneyo, madzi onse othamangawo amaima kamodzinkamodzi. Iye anati zili ngati minibasi, kuno timati kombi, yodzaza ikamanga mabuleki mwadzidzidzi, a kumbuyo onse amagwera a kutsogolo. Gu! uja ndi ameneyo. A mapaipi amati water hammer. Paipi yolimba imapirira. Yofooka imang'ambika pamene pali pofooka kwambiri.

Pofooka pathu panali pa chigongono, pamene paipi imakhotera kudenga kupita ku giza, thanki ija yotenthetsa madzi osamba. Nyumba yathu Bambo anailandira m'zaka za m'ma 1960, ndipo mapaipi ake ndi achitsulo aja amati galvanised, omwe aja a nthawi imeneyo. Achimwene anga ali ku Leeds, ku Mangalande, atatumiza ndalama zowonjezera zipinda ziwiri ndi bafa, womanga analumikiza paipi ya kopa mwachindunji ku chitsulo chakalecho. Zitsulo ziwirizi zikakhudzana m'madzi, chitsulo cha galvanised chimadyeka msanga, kopa nkutsala bwinobwino. Komanso pamene pali mazinga omangira, paipi imakhala yopyapyala kale chifukwa anaisema. Dzimbiri linadya pamenepo mwakachetechete zaka zonsezi, dzanja langa pampopi linangomaliza ntchito.

Pulambala anandiuza mosabisa kuti, "Amayi, paipi yonseyi yatha, kuchokera ku mita mpaka kubafa. Tikangosoka apa mundiitananso."

Ine ndinali ndi nsalu za eni ake zoti ndigulenso, siling'i yoti ndikonze, chimanga choti ndiyanike. Ndinamuuza kuti akonze pophulika pokhapo ndi valavu. Ndinaganizanso mumtima kuti akufuna kukulitsa ntchito kuti adyepo. Iye sanalimbane nane. Anasintha chigongono ndi kachidutswa ka paipi, anaika valavu ina, ndinamulipira, nkumapita.

Patatha milungu itatu ndinaona chinthu chachilendo. Mvula inali isanagwe, bwalo lonse lili fumbi lokhalokha, koma pafupi ndi mtengo wa mapeyala panamera kaudzu kobiriwira bwino, kotalika ngati mphasa. Nkhuku zinkakonda kupalasa pomwepo. Ndinasangalala nako masiku awiri, tsiku lachitatu nzeru zinabwera.

Njira yodziwira ngati paipi ikutaya madzi mobisika ndi yosavuta, ndipo siilira ndalama. Tsiku limene madzi alipo, tsekani mipopi yonse, muonetsetse kuti thanki ya chimbudzi yadzaza ndipo yasiya kulira, muuze ana asagwire kalikonse. Pitani ku mita mukalembe manambala onse, ofiira omwe. Dikirani ola limodzi mukawerengenso. Manambala akuda amawerenga ma cubic metre, ndipo imodzi ndi malita 1,000, migolo isanu ya malita 200. Ofiira ndi amene amaonetsa malita, ndiye ndi amene amaulula msanga. Ine sindinadikire nkomwe ola. Kamuvi kakang'ono kanali kakuzungulira pang'onopang'ono ndili chiyang'anire, m'nyumba mulibe mpopi wotsekula. Ndipo musaiwale kuti paipi yochokera pa mita kulowa kwanu ndi yanu. Chotayika kumeneko chimalowa pa bilu yanu, kukonza kwake nkwanunso.

Pulambala atabwera sananene kuti ndinakuuzani, koma nkhope inanena. Anakumba pansi pa kaudzu kaja, anadula paipi ndi sowo, nkundipatsa kachidutswa kuti ndisuzumire. Kunja kanali kooneka bwino ndithu, kotuwa, kolimba. M'kati munali dzimbiri lowunjikana ngati chiswe chamanga, bowo lotsala loti pensulo kulowa movutikira, ndipo m'mbali mwake munali timabowo tiwiri ngati ta singano. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinakumbukira kuti kwa zaka zambiri madzi a kubafa ankatuluka mofooka ngakhale anansi akuti lero ali ndi mphamvu, ndiponso kuti m'mawa uliwonse kapu yoyamba inkakhala yofiirira. Paipi inkalankhula, ife osamva. Kachidutswa kameneko ndinasunga, kali pawindo la kukhitchini, ndimaonetsa aliyense amene akudandaula za madzi ofooka.

Bowo la pansi pa nthaka linandiopsa pa chifukwa chinanso. Paipi yoboola imataya madzi pamene madzi alipo, koma madzi akachoka imatha kuyamwa zimene zili m'dothi lozungulira. Yathu inkadutsa pafupi ndi paipi ya zonyansa za kuchimbudzi. Ife a ku Harare kolera sitichita kumva pawailesi. Ya mu 2008 mpaka 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo mu 2018 inabukanso ku Glen View ndi Budiriro, kungodumpha pang'ono kuchokera kwathu kuno. Kuyambira tsiku limenelo madzi oyamba kutuluka timathirira maluwa ndi kuchimbudzi, ndipo akumwa timawiritsa kapena kuthira mankhwala, ngakhale aoneke oyera bwanji.

Ndinakongola ndalama ku gulu lathu la amayi, kuno timati mukando, nkusintha zonse. Ndifotokoze zimene tinaika, chifukwa apa mpamene anthu amanamizidwa.

Kuchokera ku mita kufika kunyumba tinaika paipi yakuda ya pulasitiki, ya mamilimita 20. Mapaipi akudawa amafanana maonekedwe koma si amodzi. Pathupi pake pamalembedwa kalasi. Kalasi 6 imapirira mphamvu ya 6 bar, kalasi 10 imapirira 10 bar, choncho. Palinso yofewa yothirira m'dimba, yotchipa, imene ena amaika m'nyumba. Pulambala anandiphunzitsa kawerengedwe kake: madzi otsika kuchokera pamtunda wa mamita 10 amapereka pafupifupi 1 bar. Ndiye thanki yosungira madzi, ija ya JoJo, ili pachitsulo cha mamita 4 siifika ngakhale theka la bar. Nchifukwa chake munthu amatha chaka chonse paipi yotchipa ikumutumikira bwino ndi madzi a m'thanki, tsiku limene madzi a mumzinda abwera ndi ukali wawo usiku, zolumikizira zonse nkufwamphuka. Ife tinagula kalasi 10. Paipi yopanda zolemba pathupi musagule, ngakhale wogulitsa alumbire pa manda a amake.

Tinaikwirira mozama kufika m'bondo, pansi ndi pamwamba pake tinathira mchenga kuti miyala isaiboole, ndipo tinaizungulitsa kutali ndi mizu ya mapeyala. Ndinajambula ndi foni ngalande isanakwiriridwe. Chithunzi chimenecho nchofunika, chifukwa mdani wamkulu wa paipi ya pulasitiki pakhomo la Mchewa ndi khasu. Ife paliponse pamene pali dothi timafuna kudzalapo mpiru ndi chimanga. Mbali imene paipi imatulukira kunja kwa nthaka tinaiphimba, pakuti pulasitiki, makamaka yoyera ija ya PVC, ikakhalitsa padzuwa imauma nkumathetheka ngati chigoba cha dzira.

Valavu ya kagudumu sindifunanso kuiona. Tinaika ya chogwirira chachitali, imene amati ball valve, mbali yathu ya mita. Chogwirira chikagona motsata paipi ndiye kuti yatsekula, chikapingasa ndiye kuti yatseka. Ngakhale mwana wa sitandade 2 amatha, ngakhale mumdima. Ina tinaika pamene paipi imakwera kupita ku giza, kuti vuto la kudenga lisamatitsekere madzi a nyumba yonse. Tinamanga kabokosi ka njerwa kokhala ndi chivundikiro chachitsulo ndi loko, kiyi wake amakhala pamsomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, osati m'chikwama cha munthu amene wapita kumaliro ku Chitungwiza. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse, polipira mukando, ndimatseka valavu ija ndi kutsekula kawiri kuti isagwire dzimbiri.

Tinaikanso valavu yochepetsa mphamvu ya madzi. Imeneyi inandiwawa mtengo, ndipo ndinatsala pang'ono kuikana. Koma giza iliyonse ili ndi malire ake olembedwa pa kachitsulo kam'mbali, zambiri zimalembedwa 400 kPa kapena 600 kPa, ndipo 100 kPa ndi 1 bar. Yathu inali ikulandira chilichonse chimene mumsewu mwabwera. Pansi pa giza panalibenso thireyi yolandira madzi ikadontha. Tsopano ilipo, ndi kapaipi kake kotulukira kunja pamene ndimakaona ndikamayanika zovala. Kakayamba kutuluka madzi osalekeza ndidziwa kuti kudenga kwavuta.

Chimodzi chimene sindikanachidziwa ndi ichi. M'nyumba zambiri zakale waya woteteza anthu ku shoko, uja amati earth, anamangiriridwa ku paipi yachitsulo ya madzi, chifukwa imalowa m'nthaka. Mukachotsa chitsulo nkuika pulasitiki, chitetezo chimenecho mwadula osadziwa. Pulambala anandionetsa waya wake uli lendelende, nkundiuza kuti ndiitane wa magetsi adzakhome ndodo yakeyake m'nthaka. Mufunse zimenezi musanalipire, si onse amene amakumbukira.

Koma zoona zake, chimene chasintha kwambiri pakhomo pathu si zitsulo zimene tinagula. Ndi zimene timachita madzi akachoka ndi pamene abwera. Madzi akangochoka timatseka valavu ya ku mita ndi kuzimitsa giza. Giza ikayaka ilibe madzi, chotenthetsera chake chimapsa. Chizolowezi chosiya mipopi ya m'nyumba yotsekula tinasiya. Ndi choopsa pawiri: mukhoza kuchoka m'mawa mutaiwala, madzi nkubwera masana nyumba ili yokhoma, komanso mpweya wodutsa pa mita umatha kuizunguza ngati madzi. Kudziwa kuti abwera sikuvuta, ana a mumsewu ndi gulu la WhatsApp la m'dera lathu salephera. Tikamva, timayamba tatsekula mpopi wa panja, kenako valavu pang'ono pokha, osati yonse. Timasiya mpopi uja utsokomole mpaka chifuwa chithe, madzi ayambe kuyenda mosadukiza ndi kuyera. Apo mpamene timatsekula valavu yonse, nkulowa m'nyumba kutsekula mipopi umodziumodzi, potseka nkumatseka mofatsa. Giza timayatsa pomalizira, mpopi wa madzi otentha ukasiya kulavula mpweya. Zonsezi zimatenga mwina mphindi 10, ndipo ndikuvomera kuti pamene wakhala sabata osasamba bwino mphindi 10 zimatalika.

Amene muli ndi thanki ndi pampu, onetsetsani kuti pali valavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo, apo ayi pampu yanu izikankhira madzi anu mumsewu. Muyang'anenso kampira koyandama ka m'thanki. Kakafa, thanki imasefukira usiku wonse.

Alamu anga a ku Glen Norah anaphunzira mwa njira ina. Iwo ali ndi giza ya dzuwa, ija ya machubu agalasi. Madzi atasowa masiku angapo machubu anauma, dzuwa likuwawotchabe. Madzi anabwera masana dzuwa lili paliwombo, ozizira, nkulowa m'magalasi otentha ngati ng'anjo. Machubu anayi anasweka nthawi yomweyo. Giza yotere ikauma, idzazeni m'mamawa kusanatenthe kapena usiku itazizira, ndipo valavu yake izikhala yotseka mpaka nthawi imeneyo.

Za kuzizira ndinene pang'ono, chifukwa achimwene a ku Leeds atamva za ngozi yathu anayamba kundiphunzitsa za mapaipi oundana. Kumeneko ndiye vuto lawo lalikulu. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo paipi imang'ambika. Ndinawakumbutsa kuti yathu inaphulika mu Okutobala, mwezi umene ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Komabe si nkhani yoseka kwenikweni. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo mu Juni ndi Julaye m'malo otsika, kufupi ndi madambo, udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Kapaipi kopyapyala kamene kali poyera padenga kapena pansi pa thanki ndi bwino kukakulunga, ngakhale ndi masaka akale omanga ndi malegeni. Ife tinatero, sizinatidye kanthu.

Malegeni ndimasunga ambiri tsopano. M'chidebe chakale cha penti, pansi pa sinki, muli chubu cha njinga chodulidwa mizeremizere, waya, tepi yoyera yokulunga pa mazinga, zolumikizira ziwiri za mamilimita 20, tochi, ndi bobojani imene ndinakagula ku msika wa Siyaso ku Mbare. Paipi ikaboola pang'ono, mutatseka madzi, kulungani legeni mokoka kwambiri, kuyambira chikhatho chimodzi kuseri kwa bowo mpaka chikhatho chimodzi kutsogolo, mizere ikusanjikizana, nkumanga ndi waya. Imagwira masiku angapo. Koma ndikupemphani, legeni isasanduke paipi. Ndikudziwa makomo mumsewu mwathu amene paipi yawo yonse ndi malegeni okhaokha ngati mwendo wa munthu wothyoka.

Anyamata awiri amene amachita lendi kuchipinda cha kuseri ndinawatenga tsiku loyamba, ndisanawapatse kiyi, kukawaonetsa valavu ndi bokosi la magetsi. Mmodzi anaseka, akuti mayi landilodi ali ndi mwambo wachilendo. Ndinamupatsa kachidutswa ka paipi kaja kuti asuzumire, kuseka kunatha.

Agogo a ku Ntcheu ndinawasokera malaya awiri ndi kuwapititsira nkhuku. Nkhuku analandira, koma anati mpini wa khasu umene anasongola uja ndiwagulire wina, chifukwa pambuyo pake zinadziwika kuti khasulo linali lawo, tinabwereka chaka chapitacho osabweza.

Lachiwiri lapitali madzi anabwera cha m'ma 5 koloko madzulo, nthawi yachilendo. Ndinali pamakina, ndinangomva ana mumsewu, "Mvura yadzoka! Mvura yadzoka!" Ndisanaimirire, mdzukulu wanga wa zaka 7 anali atatenga kale kiyi pamsomali. Ndinamuona pawindo atagwada pa kabokosi kaja, akusuntha chogwirira pang'onopang'ono ndi manja awiri, khutu lili ku mpopi wa panja umene unali ukutsokomola. Bambo anali pakhonde pampando wawo. Anayang'ana kumwamba kaye, monga mwa masiku onse, kenako anatembenukira kwa mwanayo.

"Pang'onopang'ono, iwe. Usiye uyambe watsokomola."

"Ndikudziwa, agogo."